M'mawa Umene Radiyo ya Mbaraka Sinalankhule

Msuwani wanga Mbaraka anabadwa wopanda matako okhalira. Ndikunena ndine Mariamo, amene ndinkamubereka kumsana ali khanda mayi ake akapita kokumba chinangwa, ndiye palibe angandiuze za iye. Pa nsalu pomwepo ankangophiriphitha mpaka mfundo kumasuka. Atakula anamuyesa ku madarasa, anathawa. Anamuyesa m'bwato, asodzi anamubweza sabata isanathe, ati pakamwa pake pakuthawitsa nsomba. Anamutumiza ku Metangula kwa telala wina kuti akaphunzire kusoka, anabwerako osadziwa n'kulowetsa komwe ulusi m'singano, koma Chipwitikizi chili mbwee pakamwa, chotola pachipata cha marinya, kampu ya asilikali a panyanja, pomwe ankaswera kucheza nawo.

Chimene chinatidabwitsa n'chakuti anakwatira Somoe wa ku Meluluca, mkazi woti mukhoza kuswera naye tsiku lonse osamva liwu lake. Ine ndinamufunsa pa ukwati pomwepo kuti, "Iwe Mbaraka, mwana wa eniyu wamudyetsa chiyani? Munthu wa nzeru zake angafune iwe?" Iye anaseka mpaka chisoti kugwa, Somoe anangoweramitsa mutu. Koma ankakondana, pamenepo ndisaname. Mbaraka akazungulira mudzi wonse ankakagwera pakhonde pa Somoe, ndipo ndi pokhapo pamene ndinamuonapo atakhala pansi mpaka kumaliza kapu ya tiyi.

Ntchito yomuyenera inamupeza yokha patapita zaka zochepa Apwitikizi atachoka. Nyengo ya mwera kunafika ophunzira a ku univesidadi ina ya kumwera kutali, pamodzi ndi mphunzitsi wawo a Constantino, munthu wamtali wa magalasi amene ankasanza m'ngalawa ngakhale nyanja ili bata. Anabwera ndi bokosi lachitsulo, malipenga awiri akuluakulu, maikolofoni, makaseti ndi bateriya ya galimoto. Malipengawo anawamangirira pamwamba pa mtengo wa mango wa pagombe, limodzi loloza kumudzi, lina loloza kunyanja. Anatiuza kuti imeneyi ndi radiyo ya anthu, mwini wake ndi univesidadi, koma olankhulapo ndife tomwe. Sinali radiyo yotchera m'nyumba ayi. Inkangofuula kuchokera mumtengomo, wofuna ndi wosafuna yemwe ankamva.

Sanavutike kufuna munthu woisamala, poti Mbaraka anali atakwera kale mumtengo kuwagwirira waya asanamupemphe. Anamuonetsa polumikiza, potsegula ndi potseka, n'kulonjeza kuti abweranso chaka chamawa ndi zida zina. Nkhondo inatseka misewu ndipo sitinawaonenso. Koma Mbaraka sanasiye kunena kuti katunduyo si wake. Mwana akangoyandikira bokosi lija, iye ankakuwa, "Choka apo, za univesidadi izo! Eni ake akabwera ndidzawauza chiyani?" M'mawa uliwonse ankatsegula ndi mawu amodzimodzi: "Kuno ndi Radiyo ya Univesidadi, mwadzuka bwanji a kumtunda ndi a kunyanja?" Ife tinkafa nako kuseka. Univesidadi ya pansi pa mango, mkulu wake munthu wothawa madarasa!

Zaka zoyambazo pulogalama inali yonona. M'mawa ankayamba ndi mphepo, atazungulira kale kwa asodzi akale kufunsa ngati mwera ugwe kapena ayi. Kenako nkhani za dziko, zimene ankazimvera pa kawayilesi ka mphunzitsi wa sukulu n'kuzitembenuza m'Chinyanja, akuthiramo mchere wake. Pambuyo pake mauthenga: wakuti wamwalira, mbuzi ya wakuti yasowa, a katemera afika mawa, khoka la wakuti lang'ambika pakufunika manja. Madzulo kunali phunziro la Chipwitikizi la pa kaseti ya a Constantino, limene palibe ankalimvera kupatula ana omwe ankatsanzira mawu ake a m'mphuno. Ndiye pomaliza nyimbo zathu zomwe, chioda cha amayi ndi mganda wa amuna, zojambulidwa m'mudzi momwemo. Ine ndinadzimva koyamba ndikutsogolera chioda kuchokera pamwamba pa mtengo, ndipo ndinathawira m'nyumba ndi manyazi, ngakhale khutu ndinalisiya pakhomo.

Vuto la Mbaraka linali lakuti sankatha kusiya chinthu chikhale mmene chilili. Lero mauthenga ayamba, mawa atsiriza. Sabata ino wayambitsa pulogalama ya maloto, sabata yamawa waithetsa chifukwa mayi wina walota mwamuna wa mnzake. A Shehe ankadandaula kuti ng'oma zikuwomba nthawi ya swala, katekisiti wa Aanglikani naye ankafuna Lamulungu lonse likhale lake, ndipo Mbaraka ankathamanga pakati pawo, kulonjeza uku, kulonjeza uko. Ndinamuuzapo kuti, "Iwe, udzafa uli chiimire, tidzavutika pokugoneka m'manda." Anandiyankha pa maikolofoni, mudzi wonse ukumva, kuti uthenga wapadera ukupita kwa mayi Mariamo: usipa wawo ukudyedwa ndi akhwangwala pamene iwo ali kalikiliki kulamula za radiyo. Ndipo zinali zoona, akhwangwala analidi pathandala.

Bateriya ndiyo inali mtanda wake. Kwathu kunalibe magetsi, ndiye ikafooka ankaisenza pamutu kutsata gombe, kudutsa Nkholongue mpaka ku Metangula, kumene anzake a ku marinya ankamudzazira pa injini yawo. Ankanyamuka akangotseka pulogalama ya m'mawa, n'kubwerera tsiku lomwelo kuti m'mawa wotsatira alankhule. Madzi a m'bateriyamo ankamudonthera, moti analibe malaya opanda mabowo pamapewa. Somoe ankangosoka zigamba pamwamba pa zigamba. Anali ndi mwana mmodzi, Hamisa, amene anaphunzira kunena "radiyo" asanaphunzire kunena "madzi".

Nkhondo inatsika kumapiri pang'onopang'ono. Poyamba tinkangomva kuti awotcha kwakuti, atenga anthu kwakuti. Kenako tinayamba kulandira anthu othawa, mapazi otupa, opanda ndi poto yemwe. Mafuta anasowa ku Metangula, injini ya ku marinya sinkayaka tsiku lililonse, ndipo bateriya inkabwera itadzaza theka. Mbaraka anayamba kudula pulogalama. Phunziro la Chipwitikizi linapita loyamba, palibe analira. Mganda unatsatira. Za mbuzi zosowa zinatha zokha chifukwa mbuzi zinatha. Tsiku limene anadula chioda, ife amayi tinamuzungulira pansi pa mango, ndipo ine ndinamugwira kolala. Anandiyang'ana maso ofiira n'kunena kuti, "Msuwani, sankha wekha, chioda kapena mauthenga a maliro." Ndinamusiya.

Anthu a mfuti owotcha midziwo ankakonda kulowa m'midzi kukucha, anthu akadali m'tulo. Ndiye mudzi unagwirizana kuti amayi, ana ndi amuna ambiri azikagona ku Matanthwe, tsidya lina la gombe lathu lopindika, kumwera. Kumeneko kuli kakhonde ka madzi kobisika kuseri kwa miyala ikuluikulu, kosaoneka uli kumudzi. Madzulo aliwonse ankapita ndi mabwato onse, osasiya ngakhale limodzi loti adani awatsatire nalo, pamodzi ndi ngalawa yaikulu ya thanga imene inkakhala yokonzeka ndi ufa ndi mphasa. Pa madzi si patali, mawu a lipenga ankafika bwinobwino. Koma wapansi umayenera kuzungulira gombe lonse ndi kuwoloka mtsinje.

Pangano linali losavuta. Kukacha, a ku Matanthwe adikire radiyo. Akamva Mbaraka akupereka moni, ndiye kuti kumudzi kuli bwino, abwerere. Dzuwa likatuluka pamwamba pa phiri asanamve kanthu, asadikire, asatume munthu, akweze thanga awoloke nyanja kupita ku Nkhotakota. Mbaraka mwini ndiye analimbikira zimenezo pamsonkhano. Anadziguguda pachifuwa n'kunena kuti, "Ine sindinajombepo chiyambire. Mukapanda kundimva, dziwani kuti Mbaraka wafa." Somoe anali pomwepo, Hamisa ali pamiyendo, ndipo sanakondwe nawo mawu amenewo.

Kuyambira pamenepo munthu uja sanaonenso mtendere. Mkazi wake ndi mwana wake ankabwerera kunyumba pokhapokha iye akalankhula, ndiye bateriya ankagona nayo pamphasa ngati khanda. Ankadzuka kukayesa waya, kubwerera, kudzukanso kukaona ngati mphepo sinatembenuze lipenga. Anaonda mpaka makutu kukula. Pulogalama yonse inatsala ya m'mawa yokha: moni, mphepo, maliro ngati alipo, basi, tseke. Madzulo ankaperekeza Somoe mpaka madzi kumufika m'chiuno, akumuuza zoti achite ndi zoti asachite, mpaka Somoe kunena kuti, "Bwererani, bambo a Hamisa, mukunyowetsa zigamba zanga."

Ife otsala m'mudzi tinali owerengeka: nkhalamba zosatha kukwera miyala, Mbaraka, ndi ine. Ine ndinakana ndekha. Ndinati usipa wanga sindiusiyira afisi, ndipo msana wanga si wogona pa mwala. Nthawi imeneyo kunatsalanso che Awadhi ndi mkazi wawo Mayimuna, amene anali ndi pakati potopa, pamodzi ndi azamba athu mayi Clotilde. Che Awadhi ndiwo ankasunga boti la koperativa ya asodzi, la injini yakale ya lole. Linkangokhala m'bango chifukwa linalibe bateriya, ndipo timafuta tochepa timene tinatsala tinakwiriridwa pansi kudikira tsiku la tsoka.

Tsikulo linafika kumayambiriro kwa mvula. Kumapiri inali itagwa yamphamvu dzulo lake. Kum'mawa kutangoyamba kufiira ndinamva anthu akukangana pansi pa mango, ndipo nditapita ndinapeza mayi Clotilde manja ali magazi mpaka m'zigongono. Ankalankhula ndi Mbaraka mosakweza mawu.

"Mwana wagona chopingasa. Ine ndalephera. Akapanda kufika kuchipatala ku Metangula m'mawa uno, tiika anthu awiri."

Che Awadhi anali atagwada pamchenga, munthu wamkulu wa ndevu zake. "Mbaraka, m'bale wanga, bateriya."

"Dikirani pang'ono kuche," anatero Mbaraka. "Ndingopereka moni, mawu awiri okha, mutenge."

Tonse tinkadziwa kuti kulankhula nthawi imeneyo kunali kosatheka. Moni unkaperekedwa kukayera, anthu atazungulira mudzi n'kuona kuti m'tchire mulibe munthu. Kuwaitana kukadali chizirezire kukanakhala kuwaitanira nthawi yeniyeni imene adani amalowa. Mayi Clotilde anapukusa mutu, anati magazi sadikira kuti kuche.

"Ndiye tilize injini, ikalira mundibwezere," anatero Mbaraka.

"Imazima yokha panjira, ukuidziwa," anayankha che Awadhi. "Ikazima pakati pa madzi ndiiliza ndi chiyani?"

"Dzerani ku Matanthwe muwauze."

"Matanthwe ali kumwera, chipatala chili kumpoto. Mafuta ake ati?"

Kunyumba kwa che Awadhi kunamveka kubuula kumene sindikufuna kukumvanso. Mbaraka anazungulira mtengo wa mango, anazunguliranso, akudzikanda m'mutu ndi manja onse awiri. Kenako anagwada, anamasula mawaya, anasenza bateriya yekha mpaka m'boti. Ananena kuti, "Pitani. Ine ndithamanga wapansi, ndikawauza pakamwa." Boti lisanatuluke m'bango iye anali atayamba kale liwiro kutsata gombe.

Ine ndinamutsatira mmene ndikanathera, ndi miyendo yangayi. Ndinamupeza pa mtsinje. Mayo ine, mtsinje umene masiku onse tinkawoloka madzi ali m'mawondo unali utasanduka chinthu china, wofiira, ukukokolola mitengo yathunthu. Mbaraka anali atalowamo kale, madzi anamumenyetsa pa chitsa n'kumulavulira kugombe komwe anachokera, mwendo ukuchucha magazi. Analowanso ine ndikuona, anamubwezanso. Ndinamugwira lamba n'kumuuza kuti, "Iwe, ukafa pano ndiye wawathandiza chiyani?" Kumwamba kunali kutayera, nsonga ya phiri itayamba kuwala.

Tinabwerera kumudzi iye akutsimphina patsogolo. Anakwera mumtengo, anaika pakamwa kumbuyo kwa lipenga lopanda moto lija n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse, "Kuli bwino! Bwererani! Somoe!" Koma vuma anali atayamba kuwomba kuchokera kumapiri, ndipo mawu ake ankangopita pakati pa nyanja. Anakuwa mpaka mawu anasasa. Anatsika, anavula malaya, anawamangirira ku nsungwi, anathamangira pa mwala wa kumapeto kwa gombe n'kumakupiza. Ku Matanthwe kunali zii, miyala yokhayokha. Anaganiza zoimba ng'oma, koma ng'oma ya m'mawa kwathu inali itasanduka kale chizindikiro cha kuthawa. Dzuwa linatuluka pamwamba pa phiri ife tikuliona.

Ndinapita kukatunga madzi oti nditsuke bala lake. Pobwera ndinangoona utsi wakuda uli tolo pagombe, ndipo ndinati basi, adani alowa. Nditayandikira ndinapeza ndi Mbaraka. Anali atayatsa chisakasa chakale chosungiramo makoka, akuponyamo udzu wonyowa wa padenga ndi masamba aawisi.

"Wapenga iwe? Ukuwotcha chiyani?"

"Ndikuwaitana," anatero ndi timawu totsalira. "Waiwala? Agogo ako atamwalira, amuna ali pakati pa nyanja, tinawaitana ndi chiyani?"

Ankanena zoona. Kuyambira makolo athu, kumudzi kukagwa kanthu asodzi ali kutali, anthu ankafukiza utsi pagombe, ndipo aliyense wa m'bwato ankadziwa kuti akuitanidwa kumtunda. Mwana aliyense wa kunyanja anakula akudziwa zimenezo. Ine ndinaima ndi chikho changa m'manja, mtima ukundiuza zina, koma moto unali utagwira kale denga lonse.

Posakhalitsa thanga linatulukira kuseri kwa Matanthwe, loyera, lodzaza ndi vuma, mabwato ali pambuyo pake ngati anapiye. Silinaloze kwathu. Linaloza kumadzulo, ku Malawi. Mbaraka anathamangira m'madzi mpaka m'khosi akukupiza manja, ndipo ine ndinakhala pansi pamchenga n'kulira mokweza. Atatuluka anati, "Anyamuka dzuwa litangotuluka, monga tinapanganira. Ndawaphunzitsa ndine." Iye anakhulupirira kuti chawachotsa ndi kukhala chete kwa radiyo, ndipo ine sindinamutsutse.

Che Awadhi anabwerera dzuwa litapendeka, nkhope ikuwala. Mayimuna anapulumuka, mwana wamwamuna naye wamoyo. Anafika ndi bateriya paphewa akuthokoza Mulungu, kenako anaona gombe lopanda bwato ngakhale limodzi, anaitula pamchenga. Mbaraka sanawakalipire. Analumikiza mawaya, anatembenuzira malipenga onse awiri kunyanja, n'kuyamba kulankhula ndi madzi opanda munthu. Anapereka moni, ananena za mphepo, analengeza za mwana wobadwayo, anaika ndi kaseti ya chioda imene anatimana miyezi yonse ija. Sanatseke mpaka bateriya inatheratu.

Tikanakhala ndi mwayi nkhani ikanathera pa kuseka, anthu atabwerera patapita masabata angapo. Koma mudzi wopanda mabwato sudya, ndiye otsalafe tinasamukira ku Metangula. Mwezi usanathe anthu a mfuti analowadi m'mudzi mwathu, anapeza mulibe munthu, anawotcha nyumba zonse ndi mzikiti womwe. Amuna awiri amene anabwera mozemba kuchokera kutsidya kudzaona anapeza phulusa ndi mtengo wa mango wowauka, opanda malipenga, poti Mbaraka anali atawamasula. Anabwerera kukanena zimene anaona.

Ku Metangula Mbaraka anakhala ngati nkhuku yofuna poikira. Kuwoloka nyanja kunali koletsedwa, ndipo amalonda ozemba ndi mchere ndi sopo sankafuna kunyamula munthu wodziwika pakamwa ngati iye. Ankawapatsira uthenga aliyense: mukapeza Somoe wa ku Meluluca, mumuuze kuti ndili moyo. Ena ankabwera n'kunena kuti anthu a kwanu anawasamutsira kumtunda, ena ankati sitinawapeze, ena ankangovomera kuti awachoke. Malipenga anawapachika pamsika n'kumalengeza za anthu osowana, ndipo mabanja angapo anapezana chifukwa cha iye. Akatseka ankapita kudoko kukafunsa ngalawa iliyonse yofika. Ine ndinkamuphikira, koma ankadya chiimire.

Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha, ndipo pamapeto pake mwini ngalawa wina anatimvera chisoni. Ndinapita naye, chifukwa munthu uja yekha akanadumphira m'madzi gombe lisanafike. Ku Nkhotakota tinafunsa kumsika, tinafunsa kumzikiti, mpaka tinalozeredwa mudzi wina wa kumtunda kumene anaikako othawa nkhondo a kwathu. Woyamba kutiona anali mayi wina amene ndinkavina naye chioda. Anaponya mtolo wa nkhuni n'kukuwa, ndipo anthu anatuluka m'tinyumba tawo. Ena anamukhudza Mbaraka pamkono kuti atsimikize. Palibe anaseka, palibe analulutira. Nditaona amuna akuyang'ana pansi ndinadziwa kuti pali nkhani.

Anatiperekeza kukanyumba ka udzu kumapeto kwa mzere. Somoe anali panja akupeta mphale, khanda lili kumsana. Atakweza maso lichero linagwa. Sanathamange, sanakuwe. Anakokera mpango wake kumaso monga amachitira mkazi pamaso pa mwamuna wa eni, n'kugwada patali. Hamisa, atatalika ndithu, anabisala kuseri kwa mtondo akutisuzumira. M'nyumbamo munatuluka bambo wina wa imvi, che Issufo, wa ku Meluluca komweko, amene mkazi wake anafera panjira pothawa. Atamva dzina la mlendo anatiyalira mphasa, n'kupita kukaima kuseri kwa nyumba. Sindingamunenere choipa munthu uja.

Somoe ndiye anayamba kulankhula, ndipo sindinamumvepo akulankhula mawu ambiri chotero.

"Ndinakulirani, bambo a Hamisa. Eda ya umasiye ndinakhala yonse, sindinadumphe tsiku. Sadaka yanu tinachita, ya ufa wopempha, koma tinachita. Anthu anapita kukaona, anapeza phulusa. Ine ndikanatani ndi mwana, kudziko la eni?"

"Sindikukuimba mlandu," anatero Mbaraka. "Ndinanena ndekha kuti dzuwa likatuluka muzipita. Bateriya ndinabwereketsa che Awadhi, Mayimuna anali pa imfa, adani sanabwere tsiku lija. Munachita monga mwa pangano."

"Pangano sitinalisunge," anatero Somoe. "Dzuwa litatuluka amuna anati tiyeni, injini ya boti tinaimva ikuthawa, radiyo sinalankhule. Ine ndinatsika m'ngalawa, ndinakakhala pa chingwe cha nangula. Ndinati munthu uja ndimamudziwa ndine, mwina waya wangoduka, ali mumtengo akulumikiza. Anandikalipira, anandikoka, ndinakana. Amayi ena anabwera kudzakhala nane. Dzuwa linakwera ndithu tili pomwepo. Amuna anagonja, anati chabwino, titume bwato limodzi likasuzumire. Bwatolo linali litalowa kale m'madzi, opalasa atagwira nkhafi."

Mbaraka anasendera kutsogolo pamphasa.

"Ndiye tinaona utsi," anatero Somoe. "Wakuda, pagombe penipeni, pafupi ndi mango anu. Pamenepo ndinadzuka ndekha pachingwe paja, palibe anandikoka." Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Tsopano mukuti tsiku limenelo adani sanabwere. Nanga anawotcha ndani?"

Ine ndinafuna kuyankha m'malo mwake, kunama kumene, kunena kuti ndi mphezi kapena nkhalamba ina yosuta fodya. Mbaraka anayang'ana manja ake.

"Ndine," anatero. "Ndinkakuitanani."

Somoe anatsegula pakamwa, koma khanda lija linayamba kulira kumsana. Anamasula nsalu, analibweretsa kutsogolo, n'kutembenukira kukhoma kuti aliyamwitse.